Magazi Alibe Vuto Koma Thupi Likuwawa: Kafukufuku wa Ululu Wosatha Kuno Kumpoto kwa England

Pafupifupi mumpingo uliwonse wa a Malawi kuno ku Manchester, Leeds, Sheffield kapena Liverpool muli mayi amene tonse timawadziwa. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri shifiti ya usiku. Akaweruka m'mamawa amaima pa siteji ya basi kunja kudakali mdima, chisanu chikulowa m'mafupa, ndipo kunyumba amakafikira kukonzekeretsa ana kuti apite kusukulu. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu tsopano akhala akudandaula kuti thupi lonse likuphwanya: lero mapewa, mawa msana, mkuja ntchafu. Amagona ndithu, koma amadzuka ngati achezera kulima. Kwa GP apitako kangapo, awatenga magazi, awajambula, ndipo yankho limakhala lomwelo lakuti zonse zili bwinobwino.

Yankho limeneli likafika kunyumba limabala mavuto ena. Bambo amayamba kuganiza kuti mwina mayi angotopa nalo banja. Achibale kumudzi akamva pa foni amati pali munthu wina amene sakukondwa kuti mwana wawo ali ku Mangalande. Anzawo akuntchito amawaona ngati akuzemba kunyamula odwala. Mayiwo amangokhala chete, kumeza mapiritsi n'kubwerera ku shifiti, pakuti lendi ikudikira, fizi ya ana a mlongo wawo ikudikira, ndipo kwa ena chitupa chokhalira m'dziko muno chagona pa ntchito yomweyo.

Nkhani ya lero ndi ya mayi amenewa, komanso abambo ndi ophunzira amene ali m'mavuto omwewa. Ululu wotere madokotala amaudziwa, uli ndi dzina, ndipo ena mwa akatswiri amene akulimbana nawo ali m'mizinda yomwe tikukhalayi.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Achipatala amati ululu ndi wosatha ngati wapitirira miyezi 3. Kafukufuku wa boma wa Health Survey for England wa mu 2017 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'dziko muno, 34 ali ndi ululu wotere. Amayi ndiwo adachuluka, 38 pa 100, pomwe abambo adali 30 pa 100. Chomwe chikutikhudza kwambiri ife n'chakuti mwa anthu akuda chiwerengerochi chidafika 44 pa 100, kuposa mitundu ina yonse. M'madera osauka chidali 41 pa 100, pomwe m'madera a anthu opeza bwino chidali 30 pa 100.

Mu 2018 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Adam Todd wa ku Newcastle University lidaonetsanso kuti kumpoto kuno anthu amavutika ndi ululu kuposa akummwera, ndipo amapatsidwa kwambiri mankhwala amphamvu a mtundu wa opioid. Tsono munthu wakuda, wamkazi, wokhala kumpoto, wogwira ntchito yonyamula ndi kuwerama, ali m'magulu onse amene vutoli limakonda.

Kodi fibromyalgia n'chiyani?

Kumudzi thupi likamaphwanya timaganiza za malungo, ndipo likakhala la munthu wamkulu timati nyamakazi. Fibromyalgia ndi matenda ena. Munthu amamva kuwawa mbali zambiri za thupi kwa miyezi kapena zaka, amatopa kwambiri, tulo sitimupumitsa, ndipo mutu umachita ngati muli nkhungu moti amaiwala mawu kapena chimene amafuna kukatenga kuchipinda. Ena amavutikanso ndi mutu waching'alang'ala, m'mimba, dzanzi, kapena kusafuna phokoso ndi kuwala. A NHS amati mwina munthu mmodzi mwa 20 ali ndi vutoli pamlingo wina, ndipo ambiri opezeka nalo ndi amayi.

Nanga bwanji makina sakuona kanthu? Ululu umene timamva umakonzedwa ndi ubongo pamodzi ndi mitsempha ya mumsana. Ukaponda munga, mitsempha ya kuphazi imatumiza uthenga, ndipo ubongo ndiwo umagamula kuti pakhale ululu waukulu bwanji. Thupi lilinso ndi njira yake yochepetsera uthengawo usanafike, ndipo n'chifukwa chake wosewera mpira amatha kumaliza masewero osadziwa kuti wavulala. Mwa munthu wa fibromyalgia njira yokweza uthenga imagwira ntchito mopitirira, pomwe yochepetsa imafooka. Zili ngati galu wapakhomo amene kale ankauwa akuba okha, koma tsopano amauwa tsamba lililonse logwa mumtengo. Kuuwako kukumveka ndithu ngakhale wakuba palibe. N'chimodzimodzi ululuwu: ndi weniweni, ngakhale mafupa ndi minofu zikuoneka zabwino pa chithunzi. Mu 2017 bungwe la akatswiri a ululu padziko lonse la IASP lidaupatsa ululu wamtunduwu dzina lakelake, nociplastic.

Kale, kuyambira mu 1990, dokotala ankadina malo 18 a pathupi, ndipo munthu akamva kuwawa pa malo 11 ankati ali ndi fibromyalgia. Njirayi idasinthidwa mu 2010. Masiku ano dokotala amafunsa mbali za thupi zimene zikuwawa, nthawi imene zakhala zikuwawa, ndi kukula kwa kutopa, kusowa tulo ndi kuiwala. Mu 2022 a Royal College of Physicians adatulutsa malangizo othandiza ma GP kuzindikira matendawa popanda kuzunguza wodwala zaka zambiri.

Chimene chimayambitsa chikufufuzidwabe, ndipo mzinda wa Liverpool uli patsogolo. Mu 2021 Andreas Goebel wa ku University of Liverpool, pamodzi ndi anzake a ku King's College London ndi Karolinska Institutet ku Sweden, adatenga asilikali a m'magazi otchedwa ma antibody kwa odwala fibromyalgia n'kubaya nawo mbewa. Mbewazo zidayamba kumva msanga kuwawa zikadinidwa kapena zikazizidwa, ndipo mphamvu yogwira ndi zikhadabo idachepa. Zobayidwa ma antibody a anthu abwinobwino sizidasinthe. Patapita masabata, asilikaliwo atatha m'thupi, mbewazo zidachira. Apa sipanatuluke mankhwala, koma mbewa sidziwa kunamizira matenda pothawa ntchito, ndipo amene amanyoza odwala athu aziganizire zimenezi.

Makina a ku Sheffield

Ngati gwero la vutoli lili m'mitsempha ndi mu ubongo, kodi sizingatheke kuukonza ubongowo mwachindunji? Funso limeneli likutifikitsa ku Sheffield. Mu 1985 Anthony Barker wa pa chipatala cha Royal Hallamshire, pamodzi ndi Reza Jalinous ndi Ian Freeston a ku University of Sheffield, adaonetsa makina amene lero amadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti TMS. Adaika waya wopindidwa mozungulira pamwamba pa mutu wa munthu n'kudutsitsamo magetsi amphamvu kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Magetsiwo adapanga mphamvu ya maginito, mphamvuyo idadutsa chigaza n'kudzutsa mitsempha ya mu ubongo, ndipo dzanja la munthuyo lidagwedezeka lokha. Zotsatirazi zidasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet chaka chomwecho.

Zaka zisanu izi zisanachitike, akatswiri ena ku London anali atakwanitsa zofananazo podutsitsa magetsi pakhungu la m'mutu, koma njira yawo inkapweteka kwambiri. Ubwino wa maginito ndi wakuti amadutsa khungu ndi fupa munthu ali maso, atakhala pampando, popanda opaleshoni kapena mankhwala ogonetsa. Chimene amamva ndi kaphokoso ka the! the! the! ndi kugogoda pang'ono pamutu.

Poyamba makinawa ankangoyezera ngati mitsempha yochokera ku ubongo kupita ku minofu ikugwira bwino ntchito. Kenaka zidadziwika kuti ukagogoda malo amodzi mobwerezabwereza, kambirimbiri pa tsiku kwa masiku angapo, malowo amasintha kagwiridwe kake ka ntchito ngakhale makina atazimitsidwa. Njirayi imatchedwa rTMS. Dziko la America lidaivomereza pa matenda a kukhumudwa kwambiri mu 2008, ndipo bungwe la NICE, limene limalangiza a NHS pa za chithandizo ndipo lili ndi maofesi ku Manchester, lidaivomereza pa matenda omwewo mu 2015.

Pa za ululu, nzeru idachokera ku Japan. Mu 1991 dokotala wa opaleshoni ya ubongo Takashi Tsubokawa adalengeza kuti odwala ena amene ankamva ululu woopsa atadwala sitiroko ankapezako bwino akawaikira timawaya pamwamba pa chigawo cha ubongo choyendetsa minofu. Zikuoneka kuti chigawochi chikadzutsidwa chimadzutsanso njira ija yochepetsa uthenga wa ululu. Akatswiri adayamba kuyesa kudzutsa chigawo chomwecho ndi maginito, osang'amba mutu. Mu 2007 madokotala a ku France adayesa pa odwala fibromyalgia 30, ndipo amene adalandira maginito enieni adamva kusintha kuposa amene adalandira onamizira. Ku Liverpool, Turo Nurmikko ndi anzake adafufuza njirayi pa odwala ululu wobwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha.

Magetsi a batire, nyali ndi mahedifoni

Njira yachiwiri imatchedwa tDCS, ndipo idatchuka kuchokera mu 2000 pomwe Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen m'dziko la Germany adaonetsa mmene imagwirira ntchito. Apa palibe maginito. Amaika timasiponji tiwiri tonyowetsedwa ndi madzi a mchere pamutu, n'kudutsitsa magetsi ochepa zedi a batire, 1 kapena 2 milliamp, kwa mphindi pafupifupi 20. Si nyesi yogwedeza munthu ayi. Pakhungu pamangoyabwa kapena kunyerenyesa. Magetsiwa sadzutsa mitsempha mwachindunji koma amaichititsa kukhala yosavuta kudzuka. Felipe Fregni ndi anzake adayesa njirayi pa amayi 32 odwala fibromyalgia ku Brazil mu 2006. Popeza kachipangizoka n'kakang'ono komanso kotsika mtengo, chiyembekezo n'chakuti tsiku lina odwala azidzakagwiritsa ntchito kunyumba moyang'aniridwa ndi achipatala.

Njira yachitatu ndi ya kuno kwathu kumpoto. Ubongo wa munthu wodekha umatulutsa mafunde a magetsi otchedwa alpha, amene amabwereza ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi. Gulu la Anthony Jones la ku University of Manchester, logwirira ntchito pa chipatala cha Salford Royal, lidapeza mu 2017 kuti anthu abwinobwino akaonetsedwa nyali yophethira ka 10 pa sekondi, kapena akamvera kaphokoso ka liwiro lomwelo, amamva kuwawa kocheperako akawotchedwa pang'ono pakhungu. Ku University of Leeds, Manoj Sivan ndi Stephen Halpin adapitiriza ntchitoyi poyesa pulogalamu ya pa foni imene odwala, kuphatikizapo a fibromyalgia, amaigwiritsa ntchito kunyumba asanagone, pofuna kuona ngati tulo ndi ululu zingasinthe. Anthu amene ayesedwapo ndi ochepa, choncho ntchito idakali poyambira.

Kodi zikugwira ntchito?

Apa tiyenera kulankhula chilungamo, chifukwa munthu amene wavutika zaka zambiri amagwira chilichonse chomwe wamva. Mu 2018 gulu la Cochrane, motsogozedwa ndi Neil O'Connell wa ku Brunel University London, lidasonkhanitsa kafukufuku 94 wa njira zodzutsa ubongo popanda opaleshoni, wokhudza anthu pafupifupi 3,000. Lidapeza kuti rTMS ndi tDCS mwina zimachepetsa ululu pang'ono kwa nthawi yochepa, koma umboni wake ndi wofooka. Kafukufuku wambiri adali wa anthu ochepa, wa masabata ochepa, ndipo nthawi zina odwala ankatha kuzindikira ngati alandira chithandizo chenicheni kapena chonamizira. Pa rTMS, kusinthako kudali kochepa moti wodwala sangakuone kwenikweni pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake pomwe a NICE adatulutsa malangizo a ululu wosatha mu April 2021, njirazi sadaziike m'gulu la chithandizo cha masiku onse cha fibromyalgia. Mukapeza chipatala cholipira kapena wamalonda wa pa intaneti akulonjeza kuti makina ake achotseratu ululu, gwirani kachikwama kanu. Ndalama imene mwaivutikira usiku wonse isathere pa lonjezo limene akatswiri eniake sanapereke. Dziwaninso kuti njirazi si za aliyense. Wodwala khunyu, amene ali ndi chitsulo m'mutu, kachipangizo kothandiza mtima kugunda kapena kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu, komanso mayi woyembekezera, ayenera kuunikidwa kaye ndi dokotala. TMS imatha kuyambitsa litsipa, ndipo mwa apo ndi apo kukomoka ngati kwa khunyu. Nyali zophethira nazo n'zoopsa kwa wakhunyu.

Chimene umboni wake ndi wamphamvu

Chithandizo chimene chapambana mayeso mobwerezabwereza n'chosafuna batire. Bungwe la madokotala a nyamakazi ku Ulaya la EULAR lidaunika njira zonse zothandizira odwala fibromyalgia, motsogozedwa ndi Gary Macfarlane wa ku University of Aberdeen, ndipo m'malangizo ake a mu 2017 njira imodzi yokha ndiyo idavomerezedwa mwamphamvu: masewera olimbitsa thupi. A NICE nawo mu 2021 adalangiza kuti odwala ululu wotere apatsidwe mwayi wochita masewerawa pagulu, pali wowayang'anira.

Tisakokomeze. Pa kafukufuku wina wa ku London wosindikizidwa mu BMJ mu 2002, odwala adachita masewera oyenda ndi kupalasa njinga kawiri pa sabata kwa masabata 12, akuwonjezera pang'onopang'ono. Pamapeto pake pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adati akupeza bwino kwambiri, pomwe mwa amene ankangophunzira kudziwongola ndi kupumula, oyankha choncho sadafike mmodzi mwa asanu. Masewera sachiza aliyense, koma palibe njira ina imene yaonetsa phindu lotere popanda zovuta zambiri. Mtundu wake si nkhani yaikulu. Kuyenda, kusambira m'madzi ofunda, kunyamula zolemera pang'ono, zonsezi zayesedwa. Mu 2018 kafukufuku wa ku Boston wa anthu 226 adapeza kuti tai chi, masewera a ku China oyendetsa thupi mofatsa, amathandiza mofanana kapena kuposa masewera othamangitsa mtima.

Chifukwa chake n'chakuti thupi likamayenda limatulutsa mankhwala akeake ochepetsa ululu, tulo timabwera bwino, ndipo ubongo umaphunziranso kuti kuyenda si ngozi. Apa m'pamene nkhani ziwirizi zikukumana. Akatswiri ena akuganiza kuti kudzutsa ubongo ndi magetsi kungautsegule kuti ulandire bwino phindu la masewera, monga mmene mvula yoyamba imafewetsera nthaka khasu lisanalowe. Mu 2016 ku Brazil adayesa pa odwala fibromyalgia 45, ndipo amene adalandira tDCS pamodzi ndi kuyenda pa makina adapezako bwino pa zina kuposa amene adalandira chimodzi chokha. Anthu 45 ndi ochepa, ndipo funsoli likufunika mayeso akuluakulu. Koma onani kuti ngakhale a makinawo sakuchotsa masewera pa ndondomeko yawo.

Wina anena kuti: ine ndimayenda makilomita angati pa shifiti, ndimatembenuza odwala, ndimakwera masitepe, masewera enanso a chiyani? Funsoli n'lomveka. Kusiyana kwake n'kwakuti ntchito siikufunsa ngati thupi lakonzeka, siikulola kupuma pomwe wafuna, ndipo imalemetsa minofu yomweyomweyo tsiku lililonse. Masewera ochiritsa amayamba pamlingo umene thupi lingakwanitse ngakhale tsiku loipa. Ngati mumayenda mphindi 10 ululu usanakule, yambani ndi mphindi 7 kapena 8, masiku angapo pa sabata, ndipo muziwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri pakatha sabata kapena awiri. Msampha waukulu ndi tsiku limene mwadzuka bwino. Tsiku limenelo munthu amachapa, kukolopa, kupita ku msika kukagula ufa ndi nsomba, kuphikira alendo, kenaka n'kugona masiku atatu. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Chitani mlingo womwewo tsiku labwino ndi loipa lomwe.

M'masabata oyamba thupi likhoza kuwawa kuposa kale. Kawirikawiri izi sizitanthauza kuti mwavulala, ndipo zikachitika bwererani pamlingo wotsikirapo m'malo mosiyiratu. Koma pali chenjezo. Ngati mukachita kanthu kakang'ono mumafookeratu mawa lake kapena mkuja ngati mwadwala chimfine chachikulu, makamaka ngati zidayamba mutadwala Covid, uzani dokotala musanayambe kuwonjezera masewera. Amenewo akhoza kukhala matenda ena otchedwa ME/CFS, ndipo malangizo ake ndi osiyana.

Malo oyambira alipo aulere. Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa kumakhala parkrun, mtunda wa makilomita 5, ku Heaton Park ndi Platt Fields ku Manchester, Woodhouse Moor ku Leeds, Lister Park ku Bradford, Endcliffe Park ku Sheffield ndi Town Moor ku Newcastle. Oyenda pansi amalandiridwa, ndipo palibe amene angakuletseni kuyenda theka lokha. Komanso ife tili ndi chuma chathu. Nyimbo ziwiri za kwaya kapena za pa chinkhoswe, kuvina mofatsa pabalaza chitseko chili chotseka, ndi masewera okwanira kuyambira.

Nanga mapiritsi?

Ambiri adadabwa ndi malangizo a NICE a mu 2021. Pa ululu wa mtundu wa fibromyalgia, adati madokotala asayambitse odwala paracetamol amene kumudzi timati panado, ibuprofen amene timati bufeni, mankhwala a opioid monga codeine, tramadol ndi morphine, ngakhalenso gabapentin ndi pregabalin, chifukwa umboni woti amathandiza pa nthawi yaitali ndi wochepa pomwe zovuta zake n'zodziwika. Ena mwa mankhwalawa thupi limawazolowera moti munthu amalephera kuwasiya. M'malo mwake dokotala akhoza kukambirana nanu za mankhwala monga amitriptyline kapena duloxetine. Pa pepala lake palembedwa kuti ndi a matenda a kukhumudwa, koma musakwiye poganiza kuti dokotala wakuyesani wodwala maganizo. Mankhwalawa amagwiranso ntchito pa njira zija za ululu ndi pa tulo. Malangizowa amatchulanso uphungu wa CBT kapena ACT, ndi kubaya timasingano kwa acupuncture kwa nthawi yochepa.

Ngati mukumwa kale mankhwala amphamvu, musasiye mwadzidzidzi. Kambiranani ndi GP kapena wa ku pharmacy. Ndipo chizolowezi chathu chogawana mapiritsi kutchalitchi, kapena kuitanitsa indosidi kwa amene akubwera kuchokera kumudzi, chitheretu. Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso, makamaka kwa odwala BP ndi shuga, amene pakati pathu ndi ambiri.

Zoyenera kuchita

Yambani ndi GP. Kulembetsa ndi kuonana ndi GP n'kwaulere kwa aliyense wokhala ku England, posatengera za mapepala, ndipo mukhoza kupempha womasulira. Musanapite, lembani kwa masabata awiri malo amene akuwawa, mmene mwagonera, ndi ntchito zimene zikukukanikani. Ife tidaleredwa kuyankha kuti tili bwino ngakhale tikufa, koma dokotala wa mphindi 10 amalemba zimene wamva. Safunsa adadya phula: funsani mwachindunji ngati vuto lanu lingakhale fibromyalgia.

Kuyeza magazi n'kofunikabe, chifukwa pali matenda ena ofanana nawo amene amachizika mosavuta, monga kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro ndi kuchepa kwa vitamini D. Khungu lakuda silipanga vitamini D wokwanira ndi dzuwa la kuno, ndipo a NHS amalangiza anthu ngati ife kuganizira zomwa mamaikirogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Ngati ululu ukubwera ndi kuonda, kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kutupa kwa mfundo, musachedwe, ndipo mutchule ngati mudadwalapo chifuwa chachikulu. Dzanzi la pakati pa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo pomwe msana ukuwawa, ndi za ku A&E tsiku lomwelo.

Pemphani kukumana ndi wa mafizo. M'madera ambiri mukhoza kudzilembetsa nokha. Funsaninso za maphunziro a pagulu a kakhalidwe ndi ululu. Chipatala cha Walton Centre ku Liverpool chidayamba maphunziro otere mu 1983, ndipo lero amapezeka m'mizinda yambiri. Kuntchito, lamulo la Equality Act la mu 2010 limakakamiza olemba ntchito kusintha zina mwa kagwiridwe ka ntchito ngati matenda akusokoneza kwambiri moyo wa munthu kwa chaka kapena kuposerapo. Kuchepetsa mashifiti a usiku otsatizana ndi chitsanzo cha zimene mungapemphe, ndipo a bungwe la ogwira ntchito kapena a Citizens Advice angakuthandizeni kulemba kalata.

Pomaliza, mawu kwa ophunzira athu ndi onse amene angathe. Anthu akuda ndife amene ululu ukutisautsa kwambiri, koma m'kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno timaonekamo ochepa. Zifukwa zake tikuzidziwa: mashifiti, mantha a mapepala, ndi mphekesera za opopa magazi zimene tidakula nazo. Palinso chifukwa china chimene akatswiri ayamba kuvomereza, chakuti zipangizo zoika pamutu zidapangidwa poganizira tsitsi la azungu, moti tsitsi lathu, loluka kapena la mesh, limavuta kuti zigwire khungu. Tikapanda kupitako, makinawo adzakonzedwa popanda mitu yathu. Amene akufuna akhoza kuyang'ana pa tsamba la NIHR lotchedwa Be Part of Research. Kafukufuku wovomerezeka salipiritsa, amakufotokozerani zonse musanasaine, amakuuzani kuti mwina mudzakhala m'gulu lolandira chithandizo chonamizira, ndipo mukhoza kusiya nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chanu cha NHS.

Kwa mabanja, pempho ndi limodzi: mukhulupirireni wodwalayo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, ndipo womuperekeza mnzake kutchalitchi angathenso kumuperekeza kwa GP. Bambo amene atenga mbali ya kuchapa ndi kuphika kuti mayi agone akaweruka, ana amene ayenda ndi mayi awo mphindi 10 madzulo, achita zimene makina a ku Sheffield sanafikepo. Tikamakumana pa 6 July kapena pa zinkhoswe, mayi aja akakhala pansi nyimbo ili pakati, tisawafunse chifukwa chimene akunyadira. Tiwasungire mpando, ndipo Loweruka lotsatira tikawatenge tikayende nawo pang'ono ku paki.